Kudwala pa Dzina la Mkulu Wake

Ku depoti ya mabasi ankamutchula Nahutala. Dzinali anamupatsa ndi anthu akwathu amene ankagwira naye ntchito, ndipo eni dziko anangolitengera pomwepo osadziwa tanthauzo lake. Sikuti ankakonda kuliza hutala ayi. Mawu akewo ndi amene anali hutala. Akati, “Sunthirani kumbuyo, malo alipo!” ngakhale wogona ankadzuka n'kusuntha.

Anali mayi wamtali, wa mapewa otambalala, mwana woyamba m'banja mwawo. Kumudzi ankayendetsa lole ya kampani ya zakumwa, ndipo itamveka mbiri yoti kunja kukusowa madalaivala a mabasi, anakalembetsa mongoyesa mwayi. Anamutenga. Chiyankhulo cha eni dziko anachiphunzirira pa chiwongolero, pofunsidwa njira ndi pokalipiridwa ndi okwera, mpaka anayamba kubweza nthabwala. Kenako mwamuna wake anamutsatira n'kupeza ntchito yopakira katundu m'nyumba yosungiramo zinthu za m'masitolo. Anali bambo wofatsa, wosayankhula asanaganize kawiri. Ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri, pamwamba pa mdadada wakale umene chikepe chake chinkangofa.

Anthu akwathu ankauzana kuti m'dziko limenelo usadwale ulibe khadi la inshulansi, chifukwa ku chipatala amayamba afunsa khadi asanafunse pamene pakupweteka. Khadi la Nahutala linali lochokera ku kampani ya mabasi. Zonse zinali zomangirira pa ntchitoyo: khadi, chitupa chake chokhalira m'dzikomo, ndi chitupa cha mwamuna wake chomwe. Ntchito ikanaduka, zonsezo zikanagwera pansi ngati zovala za pa chingwe.

Ubwino wa khadilo anauona asanakhalitse. Tsiku lina m'mimba munamugwira ali pa ntchito. Anathamangira naye ku chipatala chachikulu, n'kumuchotsa kathumbo kamene madokotala amati apendikisi. Sanamung'ambe, anangoboola timabowo titatu timene tinasiya tizipsera tonga nyemba. Anatuluka osalipira kanthu.

Mng'ono wake womaliza, amene kunyumba ankangomutchula Mzime, anabwera banja lake litatha. Amayi awo ndi amene anaumiriza pa foni.

“Mutenge mwanayu akapumeko kumeneko, kuno akungolira. Si iwe wamkulu?”

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Nahutala anamugulira tikiti, n'kumudulira inshulansi ya alendo yolingana ndi chitupa chake cha ulendo. Chitupacho chinatha, inshulansi nayo inatha, koma Mzime sanafune kumva za kubwerera. Anali atayamba kuluka tsitsi pabalaza, azimayi akulandizana mpando, ndipo kuseka kwake kunali kutabwerera.

Nahutala anakafunsa ku ofesi ya kuntchito ngati angamuwonjezere pa khadi lake. Anabwerako atakwiya.

“Ati khadi ndi la banja basi, ndipo banja ndi mwamuna ndi ana,” anauza mwamuna wake. “Wa bere limodzi ndi ine ati si banja. Koma inu, amene ndinangokutolani pa siteji, ndinu banja.”

“Ndiye ndiwathokoze eni dzikowa, andipatsa ulemu umene kunyumba kuno sindiupeza,” anayankha bamboyo.

Anaseka, koma nkhani inathera pomwepo. Inshulansi yodzigulira wekha inkafuna chitupa chamoyo, ndipo Mzime analibe. Amayi odzalukitsa tsitsi ndi amene ankapereka nzeru. Ankati anthu amangobwerekana makhadi, kachithunzi kake n'kakang'ono, ndani amakayang'ana? Ndipo poona mmene awiriwo ankafananira, chipumi chimodzi, mpata wa m'mano umodzimodzi, ankati, “Inu ndiye mulibe vuto, Mulungu anakudulirani kale inshulansi.”

Matenda anayamba mwakachetechete. Mzime anamva kupota pa mchombo, n'kuganiza kuti ndi chakudya. Anamwa madzi otentha ndi mapilisi a mutu, osauza munthu. Tsiku lotsatira anasanza, koma analuka mutu wa kasitomala mpaka kumaliza, atakhala pansi m'malo moimirira. M'mawa mwake Nahutala anamupeza atadzipinda pa mpando wa pabalaza pamene ankagona, milomo itauma, thupi likutentha.

“Iwe, wayamba liti zimenezi?”

“Dzana, asisi. Ndimati zisiya.”

“Pakupweteka ndi pati?”

Mzime analoza pansi pa mimba, mbali ya kumanja.

Mwamuna wa Nahutala anali atavala kale nsapato za kuntchito. Anaima pakhomo la kukhitchini n'kuona mkazi wake akupisa m'thumba la yunifolomu imene inali pa chitseko.

“Mayi, mukufuna kutani?”

“Mukuona nokha.”

“Limenelo ndi dzina lanu. Akakugwirani si inu nokha mukagwe.”

“Nanga ndimusiye afere pa mpando? Akapita wopanda khadi akamubweza pakhomo, kapena akamuitanira apolisi a zitupa. Muli ndi nzeru ina, nenani.”

Bamboyo anayang'ana mlamu wake, n'kuyang'ana pansi. “Mundiimbire,” anatero, n'kutuluka.

Nahutala anayenera kulowa ntchito masana. Anazindikira kuti sangakhale pa chiwongolero pamene dzina lake lagona m'chipatala, choncho anaimbira kapitawo wa ku depoti n'kumuuza kuti wadwala. Kapitawoyo anamufunira zabwino, n'kumukumbutsa kuti adzabweretse kalata ya adokotala.

Chikepe chinali chitafa. Anatsika naye pa masitepe atamukoleka paphewa. M'takisi anamuloweza dzina lonse ndi tsiku lobadwa.

“Kuyambira pano iwe ndiwe ine. Ine ndine m'bale wongokuperekeza. Akakufunsa kanthu, yang'ana ine.”

Takisi inakwera hampu, Mzime anakuwa. Inakweranso ina, anakuwanso n'kugwira pomwe paja. Nahutala anamugwira dzanja. Ululu umenewo ankaudziwa. Nayenso tsiku lake lija, kabampu kalikonse ka mumsewu kankamubaya pamalo omwewo.

Pa windo la kuchipatala kalaliki sanadzutse n'komwe mutu. Analowetsa khadi m'kamakina, kamakinako kanalira, ndipo kanatulutsa kalamba ka pulasitiki kolembedwa dzina. Anakamanga pa mkono wa Mzime. Nahutala anawerenga dzina lake pa mkono wa mng'ono wake, n'kuyang'ana kumbali.

Nesi wosankha odwala anali mayi wachikulire wa magalasi. Anayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, akufunsa mafunso. Nahutala ndi amene ankayankha.

“Mwiniwake sayankhula?” anafunsa nesiyo.

“Ululu ukamugwira chiyankhulo chanu chimamuthawa. Ndimasulira ine.”

Nesi anatembenukira pa kompyuta, n'kuwerenga kanthawi. “Ndikuona kuti apendikisi tinakuchotsani konkuno. Ndi zoona?”

“Akuti chiyani, asisi?” ananong'ona Mzime.

Nahutala anamuweramira. “Ingogwedeza mutu.”

Mzime anagwedeza mutu.

“Chabwino, chimodzi ndiye tachotsapo,” anatero nesi. “Kakhaleni uko, adokotala akuitanani.”

Chipinda chodikirira chinali chodzaza. Mipando yachitsulo yolumikizana, wailesi yakanema yopanda mawu pakhoma, bambo wina atakulunga dzanja m'thawulo lamagazi, gogo wina akutsokomola mosalekeza. Pakhomo panaima mlonda wa yunifolomu yakuda, wailesi yake ikulira palamba. Mayina ankaitanidwa, anthu obwera pambuyo pawo n'kumalowa. Nahutala anaona zimene zinachitika. Nesi anawaika m'gulu la okhoza kudikira, chifukwa chimene chikanamuthamangitsa chinali chitachotsedwa kale, m'mimba mwa munthu wina.

Anapita pa windo kukadandaula kuti wodwala wake akuipiraipira. Anamuuza kuti pangochitika ngozi ya pamsewu ndipo madokotala atanganidwa ndi ovulala. Anabwerera n'kukhala. Mzime anatsamiritsa mutu paphewa pake. Kutentha kwake kunkadutsa bulauzi.

Anaimbira mwamuna wake, n'kumufotokozera monong'ona. Bamboyo anati akubwera. Anafika dzuwa lili paliwombo, akadali m'chovala chowala cha kuntchito, ndipo anakokera mkazi wake pafupi ndi makina ogulitsa zakumwa.

“Mukutsimikiza kuti ndi chomwecho?”

“Ndinadwalapo ine. Ndi chomwecho.”

“Inu si dokotala, mayi.”

“Si dokotala, koma ndikudziwa chimene dokotala sakudziwa.”

Bamboyo anapukuta nkhope ndi dzanja. “Tamverani. Akamujambula m'mimba aona okha kuti kathumboko kalipo. Pamenepo tinena kuti mwina kompyuta inasokoneza. Ife sitinanene kanthu, iwo apeza okha.”

“Nanga akamujambula mawa?”

“Nanga mukanena lero? Ntchito yatha. Chitupa chanu chatha, changa chatha. Mlamu amukweza ndege, ife pambuyo pake. Mankhwala a amayi anu a shuga adzagula ndani? Sindikuti tisamuthandize ayi. Ndikuti tidikire pang'ono, pang'ono pokha.”

Sankanena mwankhanza. Chilichonse chimene ananena chinali choona. Nahutala atabwerera pa mpando, Mzime anamugwira dzanja. Anali atawaona akukangana, ndipo anadziwa nkhani yake.

“Musanene, asisi. Chonde. Ndipirira. Ndakuvutitsani kale mokwanira inu ndi alamu.”

“Khala chete, sunga mphamvu.”

“Lonjezani.”

Nahutala sanalonjeze, koma sanakanenso.

Dzina lake litaitanidwa, anadzidzimuka n'kuimirira yekha, kenako anakumbukira n'kudzutsa Mzime. Anawalowetsa m'kachipinda kotchinga ndi makatani, momwe munali bedi lopapatiza ndi mpando umodzi. Mwamuna wake anaima m'mbali mwa katani. Dokotala anali wachinyamata, wa maso otopa, kolala ya malaya itapindika. Anagoneka Mzime chagada, n'kudina pamimba pang'onopang'ono. Atafika kumanja anadina n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi. Mzime analumpha, misozi n'kutuluka.

Dokotala anakwinya nkhope. Anayang'ana pa kompyuta, n'kuyang'ananso pamimba, akuwerama.

“Zipsera zanu zinapola bwino kwabasi,” anatero. “Sindikuziona n'komwe.”

Nahutala anayang'ana mwamuna wake.

Kunja wina anaitana dokotalayo mokweza. Iye anayankha kuti akubwera, n'kupitiriza mothamanga. “Akanakhala kuti sanachotsedwe, ndikanati ndi apendikisi, ndipo bwenzi ndikuitana a opaleshoni pompano. Koma poti kulibe, tiyang'ana kwina, mwina chikhodzodzo, mwina njira ya mazira. Titenga magazi ndi mkodzo. Ndamulembera kojambula, koma kuli mzere wa ovulala aja, ndiye mwina chakumadzulo. Pakali pano timubaya jakisoni wopha ululu.”

Anayang'ana Nahutala. “Pali china chimene ndiyenera kudziwa?”

Nahutala anatsegula pakamwa. Anaona maso a Mzime akumupempha, anamva mwamuna wake akusuntha phazi kumbuyo kwake.

“Palibe,” anatero.

Dokotala anatuluka.

Nesi wina anabwera, anatenga magazi, anabaya jakisoni, n'kuika dripi. Pa kabotolo ka magazi anamatapo dzina la Nahutala. Kenako anawasiya okha. Kuseri kwa katani ankamva mawilo a mabedi akudutsa, mwana akulira, munthu wina akubuula. Nahutala anakhala pa mpando uja, chikwama pamiyendo, akuyang'ana madontho a dripi. Mwamuna wake ankatuluka n'kulowa, kutuluka n'kulowa.

Patapita nthawi Mzime anatsegula maso n'kumwetulira.

“Asisi, kwasiya. Sikukupwetekanso. Tiyeni tizipita kunyumba.”

“Mwaona?” anatero bamboyo, akupuma mozama. “Jakisoni wagwira. Mulungu ndi wabwino.”

Nahutala anaimirira n'kumugwira pachipumi. Panali potentha kuposa kale, thukuta lili kamukamu. Milomo inali itatuwa. Anaika dzanja pamimba pake. M'mawa panali pofewa, koma tsopano panali polimba ngati thabwa.

“Mzime, ukundiona?”

“Eee. Muwauze amayi atseke windo, mphepo ikulowa.”

“Amayi ali kuti?”

“Si awo aima apowo?”

Analoza katani. Mwamuna wa Nahutala anatembenuka kuyang'ana, ndipo atabweza nkhope, mkazi wake anali atatuluka kale.

Anamupeza dokotala m'khonde, akulemba ataimirira pafupi ndi tebulo la manesi. Anayesa kumuitana, koma mawu aja ogwedeza basi yonse anakana kutuluka. Anangomugwira mkono wa malaya.

“Adokotala.”

“Mayi, ndanena kuti mudikire.”

Chiyankhulo cha eni dziko chinamuthawa zenizeni tsopano. Mawu onse amene anaphunzira pa chiwongolero anabalalika. Ndiye anangokweza bulauzi yake pomwepo, m'khonde, pamaso pa manesi ndi odwala, n'kuloza tizipsera titatu tija.

“Ine,” anatero. “Anachotsedwa ndi ine. Khadi ndi langa. Uyo ndi mng'ono wanga. Kake kalipo.”

Dokotala anayang'ana tizipserato, n'kumuyang'ana kumaso. Sanakalipe. Anaponya cholembera pa tebulo n'kuyamba kuyenda mofulumira, akuitana nesi ndi dzina. Atafika pa bedi anagwira mimba ya Mzime kamodzi kokha.

“Itanani a opaleshoni. Auzeni kuti mwina kaphulika kale.” Anatembenukira kwa Nahutala. “Dzina lake lenileni? Zaka zake? Alipo mankhwala amene amamuwenga? Wadya liti komaliza? Mundiuze zoona zokhazokha.”

Nahutala anayankha zonse. Nesi anatenga sizasi n'kudula kalamba ka pa mkono kaja, n'kulemba kena ndi dzanja. Anthu anadzaza m'kachipindamo. Wina anachotsa mabuleki a bedi.

“Mwanena, asisi?” anafunsa Mzime, maso ali mwaa.

“Ndanena.”

“Mwatidyera nthawi yambiri, mayi,” anatero dokotala akukankha bedi. “Zinazo mukamba ndi a ku ofesi. Panopa tipatseni njira.”

Zitseko za chipinda cha opaleshoni zinatsekeka, awiriwo n'kutsala pa benchi ya m'khonde. Bamboyo anawerama, zigongono pa mawondo, akuyang'ana nsapato zake. Nthawi inayenda, kuwala kwa pa windo kukusuntha pakhoma.

Kenako Nahutala anaona mlonda uja wa yunifolomu yakuda akubwera kuchokera kumapeto kwa khonde, akuyang'ana nkhope za anthu mmodzimmodzi. Anagwira bondo la mwamuna wake. Mlondayo anafika n'kuima patsogolo pawo.

“Ndinu munali m'kachipinda kachitatu?”

“Ndife,” anayankha bamboyo, akuimirira kutchinga mkazi wake.

“Mwasiya chikwama.”

Anawapatsa chikwama cha Nahutala n'kubwerera. Bamboyo anakhala pansi mwamphamvu. Patapita kanthawi anayankhula, osadzutsa mutu.

“Mukanandimvera ine, bwenzi pano tikufunsa mtengo wa bokosi.”

“Nanenso ndinati palibe, atandifunsa. Sanandigwire pakamwa munthu.”

Dzuwa likupendeka, kunatuluka dokotala wa opaleshoni, mayi wamfupi atavala kachipewa ka pepala. Anati kathumboko kanali kataphulikadi ndipo mafinya anali atafalikira. Anachita kumung'amba kuti atsuke m'mimba monse. Anati masiku oyambawo ndi oopsa, koma mtsikanayo ndi wolimba. Nahutala anafunsa ngati zikanafika pamenepo akanalowa m'mawa.

“Mwina ayi,” anatero dokotalayo. “Sindingakunamizeni.”

Mzime anagona m'chipatala nthawi yaitali, paipi ikutuluka m'mimba, thupi likutentha n'kuzizira. Nahutala ankafika m'mawa uliwonse kudzamupukuta ndi kumupesa. Tsiku limene anapempha yekha madzi akumwa n'kudandaula kuti asisi akumukoka tsitsi, manesi anati ngozi yadutsa.

M'masiku omwewo anaitanidwa ku ofesi ya chipatala yothandiza odwala. Anapeza mayi wonenepa, wa mawu otsika, amene anamupatsa mpando n'kutseka chitseko.

“Ndani anakuuzani kuti tikanamubweza?” anafunsa mayiyo.

“Aliyense amadziwa.”

“Aliyense ameneyo sagwira ntchito pano. Munthu wa matenda a mwadzidzidzi sitimubweza, kaya ali ndi khadi kaya alibe. Timayamba tamuthandiza, za malipiro timakamba pambuyo. Ndipo ife si apolisi a zitupa.”

Nahutala anakumbukira amayi aja a pabalaza ndi nzeru zawo, n'kudzifunsa chifukwa chake pa zaka zonsezo sanabwere kudzafunsa yekha. Mkwiyo unamugwira, koma anasowa woukwiyira.

Mayiyo sanamubisire zotsalazo. Poti khadi linalowa m'makina, chipatala chinayenera kudziwitsa kampani ya inshulansi, ndipo kampaniyo idzadziwitsa a kuntchito. Bilu ya Mzime inali ya banjalo, koma anagwirizana kuti azilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Panalinso ntchito yochotsa zotsatira za magazi a Mzime m'mbiri ya Nahutala, kuti tsiku lina iyeyo asadzalandire mankhwala a munthu wina.

Ku depoti anamuitana m'chipinda chapamwamba, chimene madalaivala ankangochiona ndi maso. Munali mayi woona za antchito, kapitawo, ndi mkulu wa bungwe la madalaivala amene anabwera kudzamuimira. Mayiyo anawerenga milandu iwiri: kubwereketsa khadi la kampani, ndi kunama kuti wadwala. Anamufunsa ngati ali ndi chonena.

“Zonse ndi zoona,” anatero Nahutala. “Ndinaopa. Kuopako kukanapha mng'ono wanga. Ndilibe china.”

Wa bungwe anayankhula nthawi yaitali, akutchula malamulo. Kapitawo anayankhula mwachidule. Anati mayiyu sanagundepo ngakhale galasi la pambali, ndipo msewu umene amayenda madalaivala ena amaukana. Anamuuza kuti adikire kunyumba.

Kudikirako kunamudya kuposa tsiku la kuchipatala lija. Foni ikalira ankadumpha. Akamva mapazi pa masitepe ankaima chilili pakati pa nyumba. Mwamuna wake anayamba kufunsa mitengo yotumizira katundu kumudzi, mobisa, koma iye anaona mapepalawo m'thumba la jekete.

Sanamuchotse ntchito. Anamuimitsa kwa kanthawi popanda malipiro, n'kumupatsa chenjezo lomaliza. Kampani ya inshulansi inamufufuta, iye ndi mwamuna wake, ndipo anachita kupeza ina yodula, yosalipira zambiri, imene ankaidula pa malipiro ake. Chitupa chake chitafika pokonzanso, anamupatsa cha nthawi yaifupi kuposa kale. Bamboyo anayamba kugwira ndi Loweruka lomwe. Sanadandaulepo, kupatula kunena kuti nsana wake nawo ukufuna inshulansi yakeyake.

Mzime atachira anasankha yekha kubwerera. Nahutala anayesa kumuletsa, koma iye anakana.

“Ndatopa kukhala ngati khoswe wa m'denga, asisi. Kugogoda kulikonse mtima uli phaa. Ndikufuna ndikadwale pa dzina langa.”

Anakadzipereka yekha ku ofesi ya zitupa, mlamu wake atamuperekeza. Anamulola kuchoka mwamtendere, koma anamuletsa kubweranso kwa zaka zingapo. Ananyamula zipeso zake, ulusi wolukira umene unatsala, ndi chipsera chachitali chotsika kuchokera pa mchombo. Kumudzi anachita lendi kachipinda pafupi ndi msika n'kutsegula saluni.

Nahutala akuyendetsabe basi. Amayi aja odzalukitsa tsitsi ena anasiya kumupatsa moni, ati anawaonongera njira, chifukwa pa windo la kuchipatala anayamba kuyang'anitsitsa zithunzi. Ena amabwera mwakachetechete kudzafunsa kuti ofesi ya mayi wonenepa uja ili mbali iti, ndipo iye amawaperekeza akakhala kuti sali pa ntchito.

Amayi awo anangouzidwa kuti Mzime anachitidwa opaleshoni, zinazo ana awo anagwirizana zowabisira chifukwa cha shuga wawo. Tsiku limene Mzime anafika, iwo anaimba foni Nahutala ali pa mpumulo ku depoti, kapu ya tiyi ili m'manja.

“Iwe, mwana wanga umamudyetsa chiyani kumeneko? Wabwera mafupa okhaokha!”

“Anadwala, amayi. Munamva.”

“Kudwala ndinamva. Koma ndimati poti kumeneko kuli zipatala zabwino, abwera wonenepa. Alamu ake ali bwanji?”

“Ali bwino, akupereka moni.”

“Uwathokoze, anamusunga mwana. Ndiye tamvera, mwana wa amalume ako uja wamaliza sukulu, akungokhala. Ndimati mwina iweyo...”

“Amayi, basi yanga yakwana nthawi,” anatero Nahutala. “Ndidzaimba Lamlungu, tidzakambe bwinobwino. Pali zina zoti ndidzakuuzeni kaye.”